Henry Tayali, Wojambula Amene Anasungunula Khamu la Anthu mu Utoto

  Lero, omvera a kuchigwa cha Shire kuno, tikamba za zojambula. Pawailesi sindingakuonetseni chithunzi, choncho ndidalira maso anu ndi zimene masowo anaona kale.

Pali mtundu wina wa zojambula umene anthu ambiri akauona amapukusa mutu. Chinsalu chachikulu chopakidwa utoto wofiira, wakuda, wachikasu, mizere yopingasana, madontho ponseponse, koma osaonekapo nkhope ya munthu, osaonekapo nyumba kapena mtengo. Munthu amayang'ana n'kufunsa kuti, kodi chimenechi n'chiyani? Si mwana wangotaya penti apa? Ena amangoti ndi zachizungu, zopanda mutu. Funsoli ndi loyenera, ndipo wolifunsa sanalakwe. Ine ndikufuna kuliyankha ndi moyo wa munthu mmodzi, mnansi wathu wa ku Zambia, bambo Henry Nkole Tayali. Iwo ankatha kujambula munthu mooneka bwino, manja, mapewa, nkhope, zonse pamalo pake. Koma m'kupita kwa zaka anasankha okha kuzisiya nkhopezo kuti zisungunuke mu utoto, ndipo anatero akudziwa chimene akuchita.

A Tayali anabadwa pa 22 Novembala 1943 ku Serenje, dziko la Zambia likutchedwabe Northern Rhodesia. M'boma lomwelo la Serenje muli phanga la Nsalu, limene makoma ake anajambulidwa ndi anthu akalekale. Zimene zili m'phangamo si njovu kapena alenje ogwira mauta. Ndi mizere, timagudumu, zooneka ngati makwerero, zojambulidwa china pamwamba pa chinzake. Musaiwale phanga limeneli, tibwererakonso.

Mwanayu sanakulire ku Serenje. Bambo ake anapita kukagwira ntchito ku Bulawayo, ndipo banja linakhazikika kumeneko. Nkhani imeneyi ife sitiimva ngati yachilendo, pakuti m'zaka zimenezo Bulawayo anadzaza ndi anthu ochokera ku Northern Rhodesia ndi kuno ku Nyasaland, ofuna ntchito kunjanji, m'mafakitale ndi m'nyumba za azungu. Mabanja ambiri a kuno ali ndi agogo kapena amalume amene anapita ku Rhodesia, ena anabwerako ndi njinga ndi sutikesi, ena anatchona. Henry anakulira pakati pa anthu otero, m'makomboni a anthu akuda, kumene m'mawa uliwonse chikhamu cha amuna chinkakhamukira kutauni ndipo madzulo chinkabwerera chitatopa. Chimene maso a mwana amazolowera kuona sichichoka msanga m'mutu. Khamu limeneli a Tayali analijambula moyo wawo wonse.

Ku Bulawayo kunali mkulu wina wogwira ntchito kukhonsolo ya mzindawo, a Alex Lambeth, amene ankalimbikitsa achinyamata a m'makomboni pa ntchito za luso. Iwo ndi amene anaona zojambula za mnyamatayu, namulowetsa m'maphunziro a zojambulajambula. Ali ndi zaka 15 zokha, Henry anachititsa chionetsero chake choyamba cha zithunzi.

Apa ndiime pang'ono. Zaka 15. Mwana wa msinkhu umenewu wodziwa kujambula alipo pafupifupi pasukulu iliyonse kuno, ku Dolo, ku Sorgin, ku Fatima, ku Mitondo. Aphunzitsi amamudziwa, chifukwa ndi iye amene amamutuma kujambula mapu a Malawi pabolodi, kapena mtima wa munthu ndi mitsempha yake patchati. Akamaliza sukulu, mwayi wake umakhala kulemba dzina la golosale, kujambula botolo la chakumwa pakhoma la bawa, kapena mitu ya anthu ometedwa bwino pachitseko cha babashopu. Ntchito imeneyi ndi yaulemu ndipo imadyetsa mabanja. Chimene chimandiwawa n'chakuti kwa ambiri njira imathera pomwepo. Mnyamata wa ku Bulawayo uja sanapose ana athuwa pa chibadwa. Iye anakumana ndi munthu wamkulu amene anaona, nachitapo kanthu.

Adakali mnyamata m'zaka za m'ma 1960, a Tayali anajambula chithunzi chimene chimatchukabe mpaka lero, chotchedwa Destiny. Mukachiona simungafunse kuti n'chiyani. Ndi mzinda waukulu wa masiku ano, wa zinyumba zitalizitali, utsi ndi nthunzi zili tolotolo. Pansi pake pali anthu osawerengeka, ena asenza zitsulo, ena akukumba, ena akukwera, onse ali piringupiringu, thukuta lili kamukamu. Palibe amene wakhala pansi. Munthu aliyense ali ndi thupi lake lojambulidwa mosamala, koma mzindawo ndi waukulu kuposa onsewo, ndipo woyang'ana amadzifunsa kuti kodi anthuwa akumanga mzinda wa yani. Wojambulayo anali mwana wa munthu wobwera, m'dziko limene anthu akuda ankamanga tauni masana koma usiku n'kukagona kunja kwake. Chithunzichi chinagulidwa ndi munthu wina, ndipo pambuyo pake chinawoloka nyanja kupita ku England.

Ndachifotokoza mwadala chithunzichi kuti tichotseretu bodza lija lakuti ojambula zopanda nkhope amatero chifukwa cholephera. Munthu amene anajambula Destiny ankadziwa mmene phewa limapindikira likasenza katundu, ankadziwa kuika anthu mazana pansalu imodzi popanda kusokoneza diso.

Mu 1967 anapita ku Makerere, ku Kampala m'dziko la Uganda. Nthawi imeneyo sukulu ya zojambulajambula ya ku Makerere, imene anaiyamba mayi Margaret Trowell mu 1937, inali imodzi mwa zochepa kwambiri zoterozo kuchigawo chino cha Africa. Anamaliza digiri yake mu 1971, chaka chimene Idi Amin analanda boma kwa Milton Obote, ndipo anabwerera ku Lusaka kukagwira ntchito pa University of Zambia. Sanakhalitse. Mu 1972 anapeza thandizo la bungwe la ku Germany la DAAD, napita kukaphunzira pasukulu yotchuka ya zaluso ya mumzinda wa Düsseldorf.

Kumeneko mphunzitsi wake anali Gerhard Hoehme. Bamboyu anali woyendetsa ndege zankhondo pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndipo nkhondo itatha anakhala mmodzi wa ojambula a ku Germany amene anasiyiratu kutsanzira maonekedwe a zinthu. Kuti timvetse chifukwa chake, tikumbukire mmene dziko linalili mu 1945. Mizinda ya ku Europe inali mabwinja. Anthu mamiliyoni anali ataphedwa m'misasa ya Hitler. Ku Hiroshima bomba limodzi linali litafafaniza mzinda. Ojambula ambiri anaona kuti kukhala pansi n'kumajambula duwa m'botolo, kapena bwana atavala jekete, kunali ngati kunama. Komanso ntchito yosunga nkhope ya munthu kamera inali itaitenga kale, ndipo inkaichita mwachangu ndi motchipa. Ndiye burashi itsale ndi ntchito yanji? Yankho lawo linali lakuti itsale ndi zimene kamera singagwire: mantha, mkwiyo, chisoni, chisangalalo, ndi mphamvu ya dzanja lenilenilo pamene likuyenda.

Ku New York kajambulidwe kameneka kanatchedwa abstract expressionism. Jackson Pollock, kuyambira cha mu 1947, ankayala nsalu pansi n'kumaizungulira, akudontheza ndi kuwaza penti ndi kamtengo, kotero kuti chithunzi chikatha chinkasunga mayendedwe a thupi lake lonse. Mark Rothko ankapaka mitundu iwiri kapena itatu yokha pazinsalu zazitali kuposa munthu, ndipo ankafuna kuti woonera aime pafupi mpaka utotowo umuzinge. Willem de Kooning sanamutaye munthu, koma ankamujambula ndi mikwingwirima yaukali mpaka thupi n'kutsala pang'ono kusoweka. Panalinso Norman Lewis, munthu wakuda wa ku Harlem, amene kwa zaka zambiri mabuku a mbiri ya luso ankamudumpha. Iye ankajambula maulendo a anthu oyenda pamodzi, timizere ting'onoting'ono tambirimbiri tondondozana mumdima. Ndipo ngakhale zonsezi zisanayambe, Ernest Mancoba wa ku South Africa anali atapita ku Paris mu 1938, nayamba kujambula mosatsata maonekedwe. Choncho a Tayali atafika ku Düsseldorf sanalowe m'nyumba imene munalibe munthu wakuda ndi kale lonse.

Chimene ine ndimawalemekezera kwambiri ndi chimene anachita atabwerako. Akanatha kukhala ku Europe n'kumajambula zokomera ogula a kumeneko. Iwo anabwerera ku Lusaka, ndipo mu 1976 anapatsidwa udindo wokhala mmisiri wa zaluso wa yunivesite. Inali nthawi yowawa ku Zambia. Mtengo wa kopa unali utagwa pamsika wa dziko lonse chapakati pa zaka za m'ma 1970, ndalama inayamba kuchepa mphamvu, anthu ankaima pamizere kudikira ufa, sopo ndi mafuta ophikira. Makomboni monga Kanyama, Chibolya ndi Kalingalinga ankangokulirakulira. A Tayali anatenga zonse anaphunzira kunja n'kuzilozetsa kwa anthu amenewa. Ankajambula misika, mabawa odzaza, amayi ndi ana, anthu wamba othithikana.

Ankagwiritsanso ntchito njira ina imene achinyamata athu angaiyese ngakhale mawa, chifukwa siifuna ndalama zambiri. Umatenga thabwa losalala, n'kusema chithunzi ndi kampeni, kuchotsa malo onse amene ukufuna atsale oyera. Kenako umapaka inki pamwamba pa thabwalo, n'kugonekapo pepala, n'kutsindira. Thabwa limodzi limabala zithunzi zambiri, choncho ngakhale mphunzitsi kapena kalaliki angathe kugula chimodzi. Zithunzi za a Tayali za mtundu umenewu ndi zakuda ndi zoyera, nkhope zazikulu maso, zotopa, zopanikizana, ndipo mpeni umaoneka pamene unadutsa.

Koma pa zithunzi za penti, chaka ndi chaka, anthu aja anayamba kusungunuka. Poyamba nkhope zinatsala madontho. Kenako mikono ndi miyendo zinasanduka mikwasa ya burashi. Chakumapeto kwa moyo wawo, pazinsalu zina munthu ukayang'ana msanga umangoona utoto wowirira, wofiira kulimbana ndi wobiriwira, wachikasu kudumphira pakati, mizere yakuda kumanga zonse pamodzi. Ukaimapo nthawi, umayamba kumva kuti muli anthu mmenemo, ambiri, ndipo akuyenda.

Inu a kuchigwa, ndikhulupirira kuti mungamvetse zimenezi kuposa anthu ambiri. Kumbukirani Januwale wa 2015, kapena Malichi wa 2019, kapena masiku a namondwe Freddy mu 2023. Amene munaona anthu akutsika m'maboti kuchokera ku Makhanga, amene munagona kumsasa ku Bangula, tayesani kubweza tsiku limenelo m'mutu. Kodi mukuona nkhope imodziimodzi, mphuno ndi makutu? Ambiri amakumbukira zina. Amakumbukira mtundu wa madziwo, ofiirira, opanda malire. Amakumbukira zitenje zonyowa, ndowa zapulasitiki zobiriwira ndi zofiira zikuyandama pamitu ya anthu, kukankhana, kulemera kwa mwana kumsana, phokoso. Wojambula ndi kamera anabwera, anasankha mayi mmodzi wolira, ndipo chithunzi chake chinatuluka m'nyuzipepala. Chithunzicho sichinaname. Koma inu amene munali mkati mwa khamulo mukudziwa kuti chinasiya zambiri. Munthu akakhala mkati mwa khamu saona bwinobwino. Amakankhidwa, amatengeka, amangoona mitundu ikudutsa. Wofuna kujambula zimenezo moona ayenera kulola kuti nkhope zisokonekere, chifukwa ndi mmene zinalili kwa amene analipo. Umu ndi mmene ine ndimawerengera ntchito ya a Tayali. Pamene anasiya kujambula nkhope sanawataye anthu aja. Anachoka pambali pamene ankaima n'kumawayang'ana, nakalowa pakati pawo.

Ndipo tisamachite ngati chinthu chopanda chifaniziro n'chachilendo m'makutu mwathu. Ulimba ukamalira usiku kwa Tengani, anyamata atatu atazinga chida chimodzi, wina akugunda mawu aang'ono, wina apakati, wina aakulu, palibe amene amaimitsa gule n'kufunsa kuti kodi kulira kumeneku kukufanana ndi nyama yanji. Timangomva kuti apa wathamanga, apa wabweza, apa awiriwa akuyankhana, ndipo thupi limavomera lokha. Chithunzi cha mtundu uwu chimafuna kuti diso lichite zimene khutu limachita pa ulimba.

Tsono ndisakunamizeni kuti chilichonse chopakidwapakidwa ndi luso. Alipo amene anazindikira kuti alendo ena amagula zosamveka, ndiye amangomwaza penti n'kuikapo mtengo. Kusiyanitsa kwake kulipo, ndipo sikufuna digiri. Imani patsogolo pa chithunzicho nthawi yokwanira, osati kungodutsa. Onani kumene diso lanu layambira ndi kumene likukokedwera. Funsani kuti kulemera kuli mbali iti, kuwala kukuchokera kuti, dzanja linathamanga pati ndipo linazengereza pati. Yandikirani muone ngati pansi pa utoto wapamwamba pali wina umene unakwiriridwa, chizindikiro chakuti mwiniwake anabwerera, anakana zimene anachita dzulo, nayesanso. Kenako bwererani m'mbuyo masitepe angapo. Chithunzi cha mmisiri chimagwirana, mukachotsapo kachigawo kamodzi m'maganizo mwanu chonse chimapendekeka. Cha wongomwaza chimatha msanga, mukachiyang'ana kachiwiri mulibenso chatsopano.

Tibwerere kuphanga la Nsalu lija, ndi mawu akuti zimenezi ndi zachizungu. Kuno kwathu, ku Chongoni m'boma la Dedza, kuli malo 127 a zojambula za pamiyala, amene bungwe la UNESCO linawaika pamndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zambiri mwa zofiira, zimene zimatchulidwa kuti ndi za Akafula, ndi mizere, madontho ndi mikombero. Sindikunena kuti anthu amenewo ankachita zofanana ndi za ku New York, ayi. Zizindikiro zawo zinali ndi matanthauzo odziwika kwa eni ake, pa miyambo yawo. Chimene ndikunena n'chakuti maso a anthu a dziko lino anazolowera kalekale kulandira uthenga kuchokera ku mzere ndi mtundu, popanda chifaniziro. Agogo athu aakazi a Chimang'anja ndi a Chisena anali ndi mphini pankhope ndi pathupi. Oluka mphasa ndi madengu amadziwa kusinthanitsa mizere kuti diso lisangalale. Ndipo mayi akamakonza nyumba yake nyengo ya chilimwe, amapita kukafuna mtsiro wakuda kudambo, katondo wofiira kumtunda, phulusa kapena dothi loyera, n'kudula khoma ndi lamba wakuda m'munsi, mwina timakona m'mbali mwa chitseko. Palibe amamufunsa kuti wajambula chiyani. Anthu odutsa amangoti nyumba iyi ili ndi mwini wake.

Dothi limeneli linafikapo kutali. Wojambula wa ku Lilongwe, a Elson Kambalu, anagwirapo ntchito limodzi ndi ofufuza zaumoyo a Malawi-Liverpool-Wellcome Trust, amene amachitanso kafukufuku kuno ku Chikwawa. A Kambalu anapita kwa amayi ndi ana m'midzi, nawapempha kuti ajambule ndi dothi zimene amaganiza pa nkhani za chipatala, mankhwala ndi kafukufuku. Ntchitoyi inakaonetsedwa ku London, ku Wellcome Collection, pa chionetsero chotchedwa Foreign Bodies, Common Ground chimene chinatsegulidwa mu Novembala 2013. Manja a kumudzi, utoto wokumba pansi, anthu a ku London n'kumaima kuyang'ana. Choncho diso tili nalo, dzanja tili nalo, ngakhale utoto tikuupondaponda tsiku lililonse. Chimene chikuchepa ndi njira yoti mwana waluso ayendemo kuchokera pabolodi la kusukulu kukafika patali.

A Tayali ankaidziwa nkhani ya njirayi, chifukwa iwo eni anathandizidwa pa sitepe iliyonse. N'chifukwa chake sanadzitsekere m'chipinda chojambulira. Ankasemanso ziboliboli ndi kuwotcherera zitsulo. Chiboliboli chotchedwa The Graduate, chimene chaima pa University of Zambia ndipo ophunzira amajambulitsa pambali pake tsiku lolandira madigiri, ndi ntchito ya manja awo. Ankadziwika ngati munthu wa nkhani, wosatopa kukangana ndi akuluakulu kuti dziko lisamaone luso ngati chinthu chapambali, ndipo ankalimbikira zoti Zambia ikhale ndi sukulu yakeyake ya zaluso ndi nyumba yosungiramo zojambula za fuko. Mu 1986, pamodzi ndi mayi Cynthia Zukas ndi mayi Bente Lorenz, anayambitsa bungwe la Lechwe Trust. Ntchito ya bungweli ndi kulipirira maphunziro achinyamata aluso, komanso kugula zojambula zabwino za anthu a ku Zambia kuti zisathere kunja. Mfundo yachiwiriyi ndi yofunika kuimvetsa. M'mayiko athu ogula zithunzi ambiri ndi alendo, akazembe ndi ogwira ntchito m'mabungwe akunja. Kontrakiti ikatha amalongedza, ndipo chithunzi chimakwera nawo ndege. Pakapita zaka makumi awiri, mwana wofuna kuphunzira kwa amisiri a dziko lake sapeza choti ayang'ane.

Chaka chotsatira, pa 22 Julayi 1987, a Tayali anamwalira mwadzidzidzi ali paulendo mumzinda wa Aachen ku West Germany. Anali ndi zaka 43. Thupi lawo linabwera kudzaikidwa ku Leopards Hill mu Lusaka. Wojambula wa zaka 43 amakhala atangofika pamene dzanja ndi mutu zayamba kumvana bwino, ndipo zithunzi zawo zomaliza zikuonetsa munthu amene anali pakati pa ulendo.

Anzawo sanalole kuti zithere pamanda. Mu 1989 ojambula a ku Zambia anakhazikitsa bungwe lawo la Zambia National Visual Arts Council, ndipo mu 1995 anatsegula nyumba yoonetsera zojambula ku Showgrounds mu Lusaka, naitcha dzina la Henry Tayali. Achinyamata ambiri a ku Zambia amene lero akudya za burashi anapachika chithunzi chawo choyamba pamakoma amenewo. Chithunzi chija cha Destiny, chimene chinapita ku England, bungwe la Lechwe Trust linachigula n'kuchibweza kwawo a Tayali atamwalira kale, ndipo tsopano chili m'manja mwa bungweli ku Lusaka.

Kuno kwathu maphunziro a zaluso alipo ku University of Malawi ku Zomba. Ku Mua kuli Kungoni, malo amene anayambitsidwa ndi bambo Claude Boucher mu 1976, kumene osema ambiri anaphunzirira. Pachipata cha Lengwe pali Tisunge, malo osungirako mbiri ndi chikhalidwe cha chigwa chino. Koma Zomba ndi Mua zili kuseri kwa Thabwa, ndipo mwana wa ku Nyachilenda sangalote za chinthu chimene sanachionepo. Pempho langa likupita kwa aphunzitsi a Expressive Arts, kwa akuluakulu a makhonsolo a Chikwawa ndi Nsanje, kwa a mipingo amene ali ndi maholo, ndi kwa eni mabizinesi a pa Nchalo, pa Ngabu ndi pa Bangula. Khoma limodzi la holo, loyeretsedwa ndi laimu, lokhala ndi misomali yopachikapo, likwanira kuyambira. Kamodzi pachaka ana a sukulu zozungulira abweretse ntchito zawo, za pensulo, za makala, za mtsiro, zodinda ndi thabwa. Amayi odziwa kukongoletsa makoma aitanidwe kudzaphunzitsa kasakanizidwe ka dothi, ndipo alipidwe monga aphunzitsi. Olemba zikwangwani a pamsika, amene amadziwa kale kusungunula penti ndi kugwira burashi, apatsidwe mpata wojambula chimene mtima wawo ukufuna, osati chimene mwini sitolo walamula. Ndipo khonsolo igule chithunzi chimodzi kapena ziwiri chaka chilichonse, ilembe dzina la wojambula ndi chaka, ichisunge pamalo ouma pamene chiswe ndi madzi osefukira sizingafike. Mwana wina akabweretsa pepala lodzaza mitundu yokhayokha, lopanda nkhope, musafulumire kumubweza. Mufunseni kuti anali kuti pamene anaona zimenezo.

Kwa inu amalonda ndi ena amene mumapita ku Lusaka, ulendo wake mukuudziwa: kudzera ku Mchinji, kuwoloka pa Mwami, Chipata, kenako msewu wa Great East mpaka mumzinda. Msewu womwewo umadutsa pa University of Zambia, pamene pali The Graduate, ndipo mukapitirira pang'ono kulowera kutauni mufika ku Showgrounds, pafupi ndi Manda Hill. Mukatsika, funsani m'Chinyanja chomwechi kuti nyumba ya Henry Tayali ili pati, akulozerani. Patulani ola limodzi musanapite kokaoda katundu, ndipo ngati mwatenga mwana, mulowe naye.